Mwana Akamatsamwa pa Phala: Thandizo kwa Ana Olephera Kudya



Palibe khomo limene lilibe mwana wosankha ndiwo. Wina amakana therere, wina safuna kuona masamba m'mbale mwake, wina amadya nsima pokhapokha ndiwo ikakhala chambo kapena nkhuku. Mwana wotere amatopetsa ndithu, koma amakula bwino, amasewera ndi anzake, ndipo sikelo yake imakwera mwezi ndi mwezi. Nkhani yathu ya ulendo uno ikunena za mwana wina, amene njala amaimva koma chakudya chikafika m'kamwa chimamukanika. Amatsamwa, amatsokomola, phala limatulukira m'mphuno kapena kutayikira pachifuwa, ndipo mayi amatha ola lathunthu asanamalize kambale kamodzi. Mwana wotereyu akasowa chithandizo choyenera, chibayo ndi kunyentchera zimamulanda moyo makolo akuona.

Chifukwa chake tikunena za Kaseye

Kaseye ndi dera la m'boma la Chitipa, kumpoto kwenikweni kwa dziko lathu. Bomali, limene kale linkatchedwa Fort Hill, lachita malire ndi Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 230,000. Ku Kaseye kuli chipatala cha mishoni ya Katolika cha Dayosizi ya Karonga, chimodzi mwa zipatala za m'bungwe la CHAM, komanso sukulu ya sekondale ya atsikana yodziwika bwino. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa ku chipatala cha boma ku Chitipa, ndipo akakanika kumeneko ulendo umakhala wa ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu chokhacho m'chigawo chonse cha kumpoto. Ulendowu umadzera ku Karonga ndipo umapitirira makilomita 300.

Tsono taganizirani mayi wa ku Kaseye amene mwana wake amatsamwa pa chakudya chilichonse. Akatswiri ophunzitsa ana kumeza ndi kulankhula ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda. Mayiyo akhoza kuonana nawo kamodzi kapena kawiri, koma mwana amadya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi tsiku lililonse. Pamwamba pa izi, iye kwawo amalankhula Chilambya kapena Chindali, ndiye malangizo a ku Mzuzu amamufika kudzera mwa womasulira. Kodi izi zikusiyana pati ndi mayi wa ku Makanjira, wolankhula Chiyao, amene atumizidwa ku Mangochi kenaka ku Zomba? Kapena wa ku Nkhotakota ndi ku Salima amene njira yake ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe? Vuto ndi limodzi. Katswiri amaunika ndi kulangiza, koma ntchito yeniyeni imagwiridwa pa mkeka wa pakhomo, ndi manja a mayi, a agogo ndi a bambo. N'chifukwa chake tafuna kuti nzeruzi zifike m'nyumba zanu.

Mmene kumeza kumayendera

Kukhosi kwa munthu kuli njira ziwiri zoyandikana. Ya kutsogolo ndi ya mpweya, yopita ku mapapo. Ya kumbuyo ndi ya chakudya, yopita m'mimba. Nthawi iliyonse tikamameza, kupuma kumaima pang'ono ndipo kachitseko kakang'ono kamatseka njira ya mpweya kuti chakudya chidutse bwino. Milomo, lilime, masaya, nsagwada ndi kholingo zimagwirira ntchito limodzi, minofu yoposa 30, ndipo zonse zimalamulidwa ndi ubongo. Ubongo ukavulala, kapena mbali ina ya m'kamwa ikabadwa yosatsekeka, dongosololi limasokonekera ndipo timadontho ta phala kapena madzi timalowera ku mapapo. Kumeneko timayambitsa chibayo.

Choopsa kwambiri n'chakuti ana ena satsokomola n'komwe chakudya chikasochera. Makolo amangoona kuti mwana sakhala miyezi iwiri osagonekedwa ndi chifuwa, osadziwa kuti gwero lake ndi kadyedwe.

Ana amene vutoli limawagwira

Gulu loyamba ndi la ana amene ubongo wawo unavulala ali aang'ono, matenda amene madokotala amati cerebral palsy. Pa dziko lonse amagwira ana awiri kapena atatu mwa 1,000 alionse obadwa. Zoyambitsa zake kwathu kuno ndi kubanika pobadwa mayi akachedwa kuchira, chikasu champhamvu cha masiku oyamba, matenda oumitsa khosi, kubadwa masiku asanakwane, ndiponso malungo a mu ubongo. Ife a m'mbali mwa nyanja malungo timawadziwa bwino. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anapeza kuti mwa ana atatu alionse ochira malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi amatsala ndi vuto monga khunyu, kufooka ziwalo kapena kusintha kwa khalidwe. Mwana amene ankadya yekha asanadwale akhoza kubwera kuchipatala akulephera kutafuna.

Gulu lachiwiri ndi la makanda obadwa masiku asanakwane. Luso loyamwa, kumeza ndi kupuma mosasokoneza limakhwima mimba ikafika pafupifupi masabata 34. Lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 alionse obadwa msanga. Khanda lotere limatopa msanga pa bere, choncho limamwetsedwa mkaka wa mayi wofinyira m'kakapu, kwinaku likufunditsidwa pachifuwa mwa njira ya kangaroo, imene chipatala cha Zomba chinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1999.

Gulu lachitatu ndi la ana obadwa ndi mlomo wong'ambika kapena kumwamba kwa m'kamwa kotseguka. Pa dziko lonse ndi mwana mmodzi mwa pafupifupi 700. Ngati kumwamba kwa m'kamwa kuli kotseguka, khanda limalephera kukoka mkaka ndipo wina umatulukira m'mphuno. Opaleshoni ilipo, ndipo mabungwe monga Operation Smile akhala akuchita opaleshoni zotere kwaulere m'zipatala zikuluzikulu za dziko lino. Koma madokotala sangayike mpeni pa mwana wowonda, choncho kudyetsa bwino ndiko kumatsegula khomo la opaleshoniyo.

Gulu lachinayi ndi la ana amene kukhosi kwawo kuli bwino koma amaopa chakudya kapena kunyansidwa nacho kopitirira muyeso. Ena anatsamwapo kwambiri, ena anakhala nthawi yaitali akudyera m'kapaipi, ena ali ndi autism. Mwana amangodya zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo akaona chachilendo amachita mseru ndi kulira. Mu 2013 madokotala a ku America analemba vutoli m'gulu la matenda ndi kulitcha ARFID.

Tisaiwalenso matenda wamba amene amachititsa kudya kukhala kowawa: zilonda zoyera m'kamwa, mano obooka, kudzimbidwa, kubwerera kwa chakudya kuchokera m'mimba, matenda a mtima obadwa nawo, TB ndi HIV. Awa ndi oyamba kuwafufuza, pakuti ena amachizika m'masiku ochepa.

Zizindikiro zoti muthamangire kuchipatala

Pitani ndi mwana kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala mukaona kuti amatsokomola kapena kutsamwa pafupifupi pa chakudya chilichonse. Mawu ake amamveka ngati muli madzi kukhosi akatha kumeza. Maso amalengeza misozi kapena milomo imada pamene akudya. Amasunga chakudya m'masaya osameza. Kudya kumatenga nthawi yopitirira mphindi 30. Amadwala chibayo mobwerezabwereza. Wakwanitsa chaka koma sangathe kudya chilichonse cholimbirapo. Kapena mzere wa m'kabuku kake ka sikelo waima kapena ukutsika. Mu 2019 akatswiri a maiko akunja anagwirizana kuti vuto la kudya likapitirira masabata awiri, liyenera kuunikidwa mbali zinayi: matenda a m'thupi, kakulidwe ka mwana, luso la m'kamwa, ndi mmene mwana ndi womudyetsa akukhalira pa nthawi ya chakudya.

Alangizi amayeza mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 ndi kalamba ka mitundu itatu. Kakaloza pofiira, kusonyeza kuti mkono sunafike masentimita 11.5, mwanayo wanyentchera kwambiri. Pachikasu, pakati pa 11.5 ndi 12.5, ndi chenjezo. Kutupa kwa mapazi onse awiri ndi ngozi ngakhale mkono utaoneka wonenepa. Musaderere zimenezi. Pa wodi ya Moyo ya chipatala cha Queen Elizabeth, ofufuza anatsatira ana 1,024 amene anagonekedwa chifukwa cha kunyentchera m'zaka za 2006 ndi 2007. Ana 42 mwa 100 alionse anamwalira, ena ali m'chipatala ena atatuluka kale, ndipo ana a HIV pamodzi ndi ana olumala ndiwo anali pangozi yaikulu kuposa anzawo.

Chithandizo choyamba: kakhalidwe ka mwana

Chinthu choyamba chimene anthu a mafizo amakonza ndi mmene mwana wakhalira. Ambiri a ife tinazolowera kugoneka mwana chagada pamiyendo, mutu utapendekera kumbuyo, n'kumathira phala m'kamwa. Kwa mwana wovutika kumeza, uku n'kutsegulira chakudya njira ya ku mapapo. Yesani nokha kumwa madzi mutayang'ana kudenga ndipo muona mmene zimavutira.

Mwana akhale tsonga. Chiuno ndi mawondo zipindike, mapazi aponde pa chinthu, mapewa abwere kutsogolo, mutu ukhale pakati ndipo chibwano chiweramire pang'ono pachifuwa. Ngati ali wamng'ono, mukhazikeni pantchafu panu, mkono wanu uchirikize kumbuyo kwa khosi ndi mapewa. Wokulirapo mukhoza kumukhazika pakona ya nyumba, kapena m'beseni lalikulu, mutamutchinjiriza ndi zitenje zopindapinda m'mbali. Kulinso mipando yopangidwa ndi makatoni omatidwa ndi phala la ufa, luso limene linayambira ku Zimbabwe, ndipo ndi yolimba modabwitsa. Kalipentala wa m'mudzi akhozanso kukhoma kampando ka matabwa ngati a mafizo amupatsa miyeso. Inu womudyetsa khalani kutsogolo kwake, nkhope zanu zilingane, kuti mwana asakweze mutu pofuna kukuonani. Akatha kudya, akhalebe tsonga kwa mphindi 30 asanagone.

Chachiwiri: kulimba kwa chakudya

Ambiri amaganiza kuti mwana wotsamwa amafunika phala lamadzimadzi. Kawirikawiri zimenezi zimaonjezera vuto. Zamadzimadzi zimathamanga kukhosi kachitseko kaja kasanatseke, komanso zimadzaza mimba popanda mphamvu yokwanira. Kwa ana ambiri otere, chakudya chabwino ndi chosalala, chopanda mibulu, cholimba moti chikhala pa supuni koma chimagwa mukaipendeketsa. Komabe ana amasiyana, choncho kulimba koyenera mwana wanu mukagwirizane ndi a kuchipatala, makamaka pa nkhani ya madzi akumwa, poti mwana sayenera kuuma thupi chifukwa choopa kutsamwa.

Popeza mwanayu amadya pang'ono, supuni iliyonse ikhale ndi phindu. M'phala la mgaiwa thirani nsinjiro zosefa bwino, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, dzira lophikira momwemo, kapena mkaka. Ife a kunyanja tili ndi mwayi wa usipa ndi utaka: ziumitseni, zikazingeni pang'ono, zisinjeni mpaka zikhale ufa, ndipo musefe kawiri kuti pasatsale kamunga. Anzathu a ku Kaseye ali ndi nyemba, mawere, nthochi ndi mapeyala. Nyemba zichotsedwe makoko ndi kupotedwa, nthochi ndi peyala zikanyidwe mpaka zisalale. Maungu ndi mbatata yofiira m'kati zimathandizanso. Likuni Phala ndi labwino ngati lilipo.

Amayi odziwa kuphika thobwa amadziwa kuti chimera chimasungunula phala lolimba. Kachimera pang'ono m'phala lofunda kamalifewetsa popanda kuthiramo madzi, ndipo mukaliwiritsanso pang'ono limakhala ndi mphamvu zambiri kuposa phala losukuluka. Izi zimathandiza mwana amene lilime lake lilibe mphamvu yokankha cholimba. Koma kwa mwana amene amatsamwa pa zamadzimadzi, chimera chikhoza kufewetsa phala kopitirira, ndiye samalani. Malovu nawonso amasungunula phala, choncho gawani pang'onopang'ono m'kambale kena m'malo mobweza supuni ya m'kamwa m'mbale yaikulu.

Pewani zakudya zosakaniza madzi ndi zidutswa, monga mpunga wosambira m'msuzi, chifukwa msuzi umatsogola kukhosi mwana akadali kutafuna. Pewaninso mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, masiwiti olimba ndi nsomba ya minga. Kondowole ndi nsima yolimba zimamata kumwamba kwa m'kamwa. Uchi, ngakhale timaulemekeza, usapatsidwe kwa khanda losakwana chaka chimodzi, pakuti ukhoza kukhala ndi tizilombo tofooketsa minofu ya makanda.

Chachitatu: supuni, kapu ndi liwiro

Supuni ikhale yaing'ono, yosazama, ndipo ngati mwana amaluma mwamphamvu ikhale ya pulasitiki yolimba kuti asavulale mano. Ibwere kuchokera kutsogolo ndi m'munsi pang'ono. Ikhazikeni pakati pa lilime, dinikizani pang'ono, ndipo dikirani kuti milomo itseke yokha. Musapalire chakudya pa mano a m'mwamba. Mwana akaluma supuni musaikoke, dikirani mpaka nsagwada zimasuke. Ngati nsagwada zake zimangotseguka, a mafizo adzakuonetsani mmene mungachirikizire chibwano ndi zala zanu popanda kukankhira mutu kumbuyo.

Pa zakumwa, tengani kapu ya pulasitiki yofewa n'kudula mbali imodzi ya kukamwa kwake kuti mphuno ipeze malo. Motero kapu imapendekeka koma mutu wa mwana sukwera. Mupatseni pang'ono, ameze, apume, kenaka mubwerezenso.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musaike supuni yachiwiri musanaone kuti yoyamba yamezedwa. Muuzeni mwana kuti chakudya chikubwera, aone supuni, atsegule yekha. Akatembenuza mutu kapena akayamba kupuma mothamanga, imani kaye. Kutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, kapena kuthira phala pamene akulira, ndi njira yachidule yopita ku chibayo. Mwana akatopa kumeza kumasokonekera, choncho ndi bwino kumudyetsa pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, kwa mphindi zosapitirira 30, kusiyana ndi kulimbana naye ola lonse. Pomaliza yang'anani m'masaya ngati mwatsalira chakudya, ndipo tsukani mano ndi nkhama kawiri pa tsiku. M'kamwa mosasamalika mumaswana tizilombo timene timatsikira ku mapapo pamodzi ndi malovu.

Mwana akatsamwa moti sakutha kulira kapena kupuma, musapise chala kukhosi mwachisawawa. Khanda losakwana chaka ligonekeni chafufumimba pamkono panu, mutu uli m'munsi, ndipo limenyeni kasanu ndi chikhato pakati pa mapewa. Zikakanika litembenuzeni ndi kudinikiza kasanu ndi zala ziwiri pakati pa chifuwa. Pemphani anamwino akuonetseni zimenezi pa sikelo, pamodzi ndi njira yothandizira mwana wamkulu, tsoka lisanagwe.

Mwana woopa chakudya

Kwa mwana wa gulu lachinayi lija, mawu akuti "musiyeni, njala ikamupweteka adya" sagwira ntchito. Ena amalolera kugona ndi njala mpaka kuwonda. Kumukwapula kumangokulitsa mantha. Akatswiri amayenda naye pang'onopang'ono ngati kukwera makwerero. Poyamba angolola kuti chakudya chachilendo chikhale pa mkeka pamene iye akudya chimene amakonda. Masiku ena achinunkhize, kenaka achigwire ndi zala ngakhale kuseweretsa, kenaka achikhudzitse pa mlomo, achinyambite, mpaka adzalume kachidutswa. Sitepe iliyonse muyamikireni, ndipo mulekeni alavule ngati wafuna. Chakudya chimodzi chikhoza kufuna maulendo 10 kapena 15 chisanalandiridwe.

Njira ina ndi yoyambira pa chimene mwana amadya kale. Ngati amadya mbatata yokazinga yokha, yesani chinangwa chokazinga chodulidwa mofanana, kenaka mbatata yophika, kenaka futali. Ikani nthawi zodziwika za chakudya, chepetsani zakumwa zotsekemera pakati pake, ndipo adye pamodzi ndi abale ake. Kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo, koma kuchuluka kwa chimene chilowe m'mimba asankhe mwana. Ngati sikelo ikutsika, musapitirize nokha, pitani kuchipatala.

Kumagulu, chiponde ndi kapaipi ka m'mphuno

Mwana wonyentchera kwambiri amene alinso ndi matenda ena kapena sakutha kudya amagonekedwa kumagulu. Kumeneko amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, woperekedwa pang'onopang'ono usana ndi usiku, chifukwa thupi lofooka silingalandire chakudya chambiri mwadzidzidzi. Akayamba kupeza bwino amapita pa F-100 kapena pa chiponde. Chiponde cha kuchipatala chinapangidwa koyamba ku France mu 1996, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyamba kumene chinayesedwa pothandiza ana ali kwawo, kuyambira 2001, pansi pa Dr Mark Manary. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, osati chogawana ndi abale ake kapena chogulitsa pa msika. Popeza chimamata m'kamwa, auzeni anamwino ngati mwana wanu amavutika kumeza, kuti akulangizeni kaperekedwe koyenera.

Mawu amamveka m'mawodi akuti kapaipi ka m'mphuno kamapha ana, ndipo amayi ena amathawa ndi mwana usiku. Zoona zake n'zakuti kapaipi amaikira mwana amene wafooka kale kwambiri, ndiye ena akamwalira anthu amanamizira kapaipiko. Kameneka kamadutsa njira ya chakudya mpaka m'mimba, ndipo kamapereka mkaka kwa mwana amene alibe mphamvu yomeza. Ana ambiri amakachotsa pakapita masiku ochepa akayamba kudya okha.

Zonena za anthu

Mwana akamawonda ndi kutupa, pamudzi pamabuka nkhani ya tsempho, kapena ndaka monga timanenera pa Chiyao. Mayi amalozedwa chala, bambo amakayikiridwa, banja limagwedezeka, ndipo masabata amatha anthu akufufuza wolakwa m'malo mofufuza chithandizo. Mwana wolumala sanabwere chifukwa cha tchimo la mayi ake. Kuwonda kwake kuli ndi chifukwa chooneka: chakudya sichikufika m'mimba mokwanira.

Pali mafunso enanso amene makolo amatifunsa ku madrasa. Tonse tinaphunzira kudya ndi dzanja lamanja, koma mwana amene dzanja lamanja linafooka ndi matenda alibe mlandu akadya ndi lamanzere, ndipo kumuletsa ndi kumulanda mwayi wodzidyetsa yekha. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Baqarah, imatchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa, ndipo a zaumoyo amalangizanso chimodzimodzi: bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenaka bere ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Khanda lolephera kuyamwa lisathamangitsidwire ku phala, koma mayi afinye mkaka wake ndi kulimwetsa ndi kakapu litakhala tsonga. Mayi woyamwitsa amene akuopera moyo wa mwana wake m'mwezi wa Ramadhan ali ndi chilolezo chomasula, ndipo za kabwezedwe kake akafunse kwa Shehe wa pa mzikiti wake.

Kumene mungapeze thandizo

Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi sikelo ya ana. Pa chipatala cha boma funsani a mafizo, ndipo nenani momveka kuti mwana amatsamwa akamadya, chifukwa kawirikawiri makolo amangodandaula za kusayenda n'kuiwala za kudya. Tengani phala ndi supuni ya kunyumba kuti akaone mmene mumadyetsera. Ku Mzuzu, a St John of God ali ndi malo othandizira ana olumala ndi ochedwa kukula. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre imene inayambitsidwa ndi bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo. Bungwe la boma loona za anthu olumala, limene tinkalidziwa kuti MACOHA, linasintha dzina kukhala MACODA potsatira lamulo la 2024. Kulinso bungwe la makolo a ana olumala la PODCAM, kumene makolo amalimbikitsana ndi kugawana nzeru.

Kupewa nakonso kuli m'manja mwathu. Amayi apite ku sikelo ya apakati ndi kukachilira kuchipatala. Khanda likaoneka lachikasu m'maso ndi pakhungu lipite kuchipatala tsiku lomwelo. Ana agone m'masikito usiku uliwonse, ndipo wotentha thupi akayezedwe malungo lisanathe tsiku. Katemera wa malungo, amene Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka mu April 2019, alandiridwe kumene akupezeka.

Mawu kwa abambo ndi kwa mudzi

Kudyetsa mwana wotere kasanu pa tsiku, kuphatikiza kusinja, kusefa ndi kuphika, kumadya theka la tsiku la mayi. Iye yemweyo akatunge madzi, akalime, akagulitse nsomba. Mayi wotopa ndi amene amathira phala mothamanga. Mutu umodzi susenza denga. Abambo, phunzirani kagwiridwe ka mwana ndi ka supuni, ndipo chakudya chimodzi pa tsiku chikhale chanu. Mukachokera kunyanja, patulani usipa wa mwanayu musanagulitse wotsalawo. Agogo ndi achemwali aakulu apite nawo kwa a mafizo kuti onse adyetse mofanana. Magulu a amayi a pa mzikiti akhoza kusinthana masiku okathandiza pa khomo lotere, ndipo makomiti athu akamagawa sadaka akumbukire ndalama ya ulendo wa kuchipatala ndi matabwa a kampando.

Kusintha kumabwera pang'onopang'ono. Mwezi woyamba mukhoza kungoona kuti kutsokomola kwachepa ndipo mwana sakuliranso akaona mbale. Kenaka chifuwa chimayamba kutalikirana, ndipo mzere wa m'kabuku ka sikelo umayamba kukwera. Ngati pa mudzi panu pali mwana amene amadyetsedwa chogona kuseri kwa nyumba, muwerengereni mayi ake nkhaniyi sabata ino, ndipo muwaperekeze kwa mlangizi wa zaumoyo. Allah apereke machiritso kwa ana athu ndi chipiriro kwa onse owasamalira.